Dzina labwino silimangidwa ndi zithunzi zokha

Achinyamata ambiri mu Lilongwe muno amaganiza kuti kudzipangira dzina ndi kujambulitsa zithunzi zokongola n'kuziika pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo aliyense wowadzudzula amati ndi wansanje. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo zimandiwawa kuona akubwezera m'mbuyo anthu aluso.

Dzina lanu ndi zomwe anthu amanena za inu pamene inu palibe. Pitani ku Mchesi komwe akalipentala amayala mipando ndi mabedi m'mbali mwa msewu. Wogula safunsa kuti ndani ali ndi tsamba lokongola. Amafunsa mnzake: "Kodi bambo aja anakupatsani bedi pa tsiku lomwe munagwirizana? Matabwa ake anali ouma?" Yankho la mnzakeyo ndilo limabweretsa kasitomala kapena kumuthawitsa. N'chimodzimodzinso kwa amakaniko a ku Biwi.

Nsanje ilipo, sindikukana. Koma anthu atatu osadziwana akakuuzani kuti simuyankha foni, kapena kuti mukalandira dipoziti mumasowa, imeneyo si nsanje ayi. Iwo akuona zomwe inu simungazione, pakuti munthu sadziona kumsana. Mawu oyamikira nawonso ali ndi ntchito yake. Ambiri sazindikira pomwe pali luso lawo lenileni mpaka ena atawauza.

Choncho mukapereka katundu, funsani kasitomala kuti, "Amayi, ndi pati pomwe sindinachite bwino?" Mvetserani osadziikira kumbuyo, ndipo pakatha sabata imbaninso foni mumve ngati bedi lija silikugwedera.