Msika komanso bwalo m'dera latsopano: malo asungidwe msanga, zomanga zibwere pang'onopang'ono

Kuno ku Dedza malo atsopano akamadulidwa mapoloti, ogula amafunsa za msewu, madzi ndi magetsi a ESCOM. Ndi ochepa amene amafunsa kuti msika udzakhala pati, kapena kuti anthu azidzasonkhana kuti. Ife okonza mapulani a matauni timayambira pomwepo, chifukwa nyumba zikadzadza, malo otere sapezekanso.

Komatu kusunga malo sikutanthauza kumanga lero. Nyumba zikadali patalipatali, golosale yaikulu singayende. Imayamba ndi okala ya mchere, sopo ndi mayunitsi, kenako mayi wa benchi ya tomato ndi kachewere, posakhalitsa chigayo. Malonda amatsata mapazi a anthu, ndipo amamera pamphambano pamene akabaza amadikirira makasitomala. Taonani pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano: misika inakula chifukwa magalimoto a mu M1 amaima pamenepo, koma lero madengu a kabichi amafika m'mphepete mwa phula, ogulitsa n'kumathamangira basi iliyonse. N'chifukwa chake timayika msika pafupi ndi mphambano, koma cholowa m'kati pang'ono, posiya malo otsitsirapo katundu.

Ogulitsa akachuluka m'pamene shedi imamangidwa, ndipo ine ndimaumirira kuti madzi, zimbudzi, ngalande ndi potaya zinyalala ziyambe, denga libwere pambuyo. Shedi yomangidwa msanga, kutali ndi kumene anthu amadutsa, imangokhala pogona mbuzi, eni malonda atabwerera kumsewu.

Bwalo silifuna ndalama zambiri poyamba. Mitengo ya mthunzi ndi magolo a mpira n'zokwanira kuti ana azisewerapo, sikelo ya ana izichitikirapo, amayi a banki m'khonde azikumanapo. Holo idikire mpaka oyisamalira atapezeka, ngakhale kuti kuno, ndi mphepo ya mu June ndi July, khoma lotchinga limafunika msanga ndithu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti malo opanda kanthu amakopa maso. Wina amangolimapo chimanga, chaka chamawa waumbapo njerwa. Lamulo la Physical Planning la 2016 limafuna kuti womanga m'dera lokhala ndi pulani ayambe wapeza chilolezo, koma lamulo lokha sililondera malo. Musanalipire poloti, pitani ku khonsolo mukaone pulani ya dera lonse, ndipo mupemphe kuti akusonyezeni mabikoni, zizindikiro za malire, a msika ndi a bwalo pamalo penipenipo.