Pituitary si bwana wongolamula, nayenso amamvera chithokomiro

Ambiri tinaphunzira ku sekondale kuti pituitary, kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, ndiye bwana wa ma gland onse m'thupi (tiziwalo totulutsa mahomoni, mankhwala onyamula uthenga m'magazi), iye amangolamula ena nkumangomvera basi. Zimenezi ndi theka chabe la nkhani, chithokomiro (thyroid, gland ya pakhosi) nachonso chimayankha ndipo mu nsomba zimaoneka bwino zedi.

Pituitary imatulutsa homoni ya TSH, TSH yo nkukauza chithokomiro kuti chipange homoni yake yotchedwa T4. Koma T4 ikachuluka m'magazi, pamodzi ndi homoni ina ya T3 yomwe ma enzyme (tinthu tofulumizitsa ntchito m'thupi) otchedwa deiodinase amapanga kuchokera ku T4 yomweyo, zimabwerera ku pituitary kuja nkukachepetsa kapangidwe ka TSH. T4 ndi T3 zikachepa, mwachitsanzo iodine yopangira mahomoniwa ikasowa, palibenso choletsa, TSH imangokwera nkumakakamiza chithokomiro usana ndi usiku mpaka chimatupa. Izi sizongoganizira ayi, mu 1910 wasayansi David Marine anafufuza nsomba za trout zoweta ku Pennsylvania zomwe zinkatupa pakhosi, anthu ena nkumati ndi khansa, koma atathira iodine m'madzi kutupa kuja kunaphwa.

Palinso ena amene amalimbikira kuti nsomba ilibe chithokomiro poti akaitumbula sachiona, ndipo izi zimandiwawa chifukwa ana amakula nazo. Chilipo ndithu! Kungoti mu nsomba zambiri zamafupa, chambo chathu chomwe, sichinaunjikane malo amodzi ngati cha munthu, ndi timatumba ting'onoting'ono tomwazikana kunsi kwa mmero motsatira mtsempha waukulu wochoka ku mtima, ndi maso okha simungatione.