Database ikakana pasiwedi ya munthu amene ali kutali

Seva ili mumzinda wa Tete, wogwira ntchito ali ku Ulónguè kapena ku Zóbuè pa intaneti ya pafoni, ndipo PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa database, yamukana. Ambiri amathamangira kusintha pasiwedi. Musanatero, werengani uthenga umene watuluka, chifukwa ndi umene ukunena pomwe pempho lathera.

Mukaona "connection refused", kapena kompyuta ikangodikira mpaka kutopa, ndiye kuti pasiwedi sinafunsidwe n'komwe. PostgreSQL yongoikidwa kumene imamvera pa localhost pokha, kutanthauza pa kompyuta yomweyo imene yaikidwapo. Onani listen_addresses (maadiresi amene seva imamverapo) mu fayilo ya postgresql.conf, muonenso ngati firewall, mlonda wa zolowa pa netiweki, ikulola port 5432, khomo limene PostgreSQL imagwiritsa ntchito. Mukasintha listen_addresses muyenera kuzimitsa PostgreSQL n'kuiyatsanso, reload yokha (kungoiuza kuti iwerengenso mafayilo ake) sikwanira.

Uthenga wakuti "no pg_hba.conf entry for host" ukunena kuti pempho lafika, koma palibe mzere wolola adiresi imeneyo. Fayilo ya pg_hba.conf, imene imanena amene aloledwe kulumikiza, imawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo mzere woyamba umene wagwirizana ndi pempho ndi umene umagamula. Ukakana, basi, seva siyesanso mizere ya pansi. Choncho mzere wanu watsopano ukhoza kukhala wolondola koma uli pamalo olakwika. Mukakonza, lembani SELECT pg_reload_conf(). Kenako muyang'ane pg_hba_file_rules ngati pali mzere wolembedwa molakwika.

Pamenepa ndi pomwe anthu amadzipweteka okha. Adiresi ya IP ya pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel imasinthasintha, ndiye wina akatopa amangolemba 0.0.0.0/0 mu pg_hba.conf, kutanthauza adiresi iliyonse, mwinanso n'kuwonjezera trust. Trust safunsa pasiwedi konse. Kuphatikiza ziwirizi n'chimodzimodzi kusiya nkhokwe yotsegula m'mphepete mwa msewu, ndipo pa intaneti pali mapulogalamu amene amangoyesa port 5432 usana ndi usiku. Njira yabwino ndi VPN (netiweki yobisika yodutsa pa intaneti) monga WireGuard, kapena kudzera pa SSH, njira yotetezedwa yolowera pa seva: ssh -L 5433:localhost:5432 dzina@seva, kenako pulogalamu ilumikizane ndi localhost pa 5433. Ngati port iyeneradi kukhala yotsegula, lembani hostssl m'malo mwa host mu pg_hba.conf kuti zodutsa pa intaneti zikhale zobisika, ndipo kumbali ya wolumikizayo muike sslmode=verify-full kuti atsimikize kuti seva ndi yeniyeni.

Tsopano "password authentication failed". Seva imabisa dala chifukwa chenicheni kwa wolumikiza, koma mu log yake imalemba: dzinalo kulibe, pasiwedi sinaikidwe, kapena tsiku la VALID UNTIL linadutsa. Chimene chimazunguza kwambiri ndi kasungidwe ka pasiwedi. Njira ya SCRAM-SHA-256 inabwera ndi PostgreSQL 10 mu 2017, ndipo kuyambira pa 14 mu 2021 ndiyo imagwiritsidwa ntchito ngati simunasankhe ina. Akaunti yakale imene pasiwedi yake inasungidwa mwa njira yakale ya md5 idzakanidwa ngati pg_hba.conf ikufuna scram-sha-256, ngakhale munthuyo alembe molondola. Onetsetsani kuti password_encryption ili pa scram-sha-256, kenako muikenso pasiwediyo ndi \password mu psql, pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL. Lamuloli ndi labwino kuposa ALTER ROLE chifukwa pasiwedi sikhala poyera mu log. Ma driver (mapulogalamu olumikizira ku database) akale, monga libpq ya PostgreSQL isanafike 10, sadziwa SCRAM. Amenewo asinthidwe, osati kubwezera seva ku md5.

China chaching'ono: pasiwedi ikakhala ndi @ ndipo mwaiika mu URI yolumikizira (mzere umodzi wokhala ndi dzina, pasiwedi ndi seva), ilembedwe %40, apo ayi gawo lina la pasiwediyo lidzatengedwa ngati dzina la seva.