Dontho la madzi lokwera munga

Ana asukulu ndikawauza kuti dontho la madzi lingathe kuyenda lokha, ngakhale kukwera chokwera, ambiri amayamba atsutsa. Amati madzi amatsika basi. Sakunama, koma lamulo limenelo ndi la madzi ambiri. Dontho likachepa kuposa mamilimita 2.7, kulemera kwake kumagonja kwa mphamvu ina imene ili pakhungu la madziwo.

Tizigawo ta madzi timakokana tokhatokha, choncho kunja kwa dontho kumakhala kokungika ngati chikopa cha ng'oma. Khunguli likapindika kwambiri, limafinyanso kwambiri madzi a m'kati. Katswiri wa sayansi Thomas Young anafotokoza zimenezi mu 1805, ndipo Pierre-Simon Laplace anaziika m'masamu mu 1806.

Tsono taganizirani dontho limene lakhala pamunga, chinthu chosongoka kumapeto koma chonenepa kutsinde. Dontholo limakuta munga ngati mkanda paulusi. Mbali yoyang'ana kunsonga yazinga pamalo powonda, ndiye khungu lake lapindika kwambiri ndipo likufinya mwamphamvu. Mbali ya kutsinde yazinga ponenepa, kufinya kwake n'kochepa. Madzi amathawa kofinyidwa kwambiri kupita kofinyidwa pang'ono, motero dontho lonse limasendera kutsinde. Palibe pampu, palibe mphepo yolikankha: chikuliyendetsa ndi kaumbidwe ka mungawo. Élise Lorenceau ndi David Quéré a ku Paris anaonetsa zimenezi mu 2004 poika madontho pa tiwaya tosongoka.

Chomera cha m'chipululu cha ku Mexico chotchedwa Opuntia microdasys chimamwa nkhungu mwa njira yomweyi. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Lei Jiang ku Beijing linalongosola mu 2012 momwe timadontho timabadwira kunsonga kwa minga yake, n'kuphatikizana, n'kuyenda mpaka kutsinde kumene chomeracho chimatiyamwa. Ngakhale munga woloza pansi umakweza dontho lake. Mingayo ilinso ndi timizere tothandiza ulendowo.

Chimene chimandisangalatsa koposa n'chakuti mukatembenuza malowo, ulendonso umatembenuka. Dontho likakhala kunja kwa chinthu chosongoka limapita konenepa, koma likakhala m'kati mwa mpata wopanikizika limathamangira kopapatiza. Francis Hauksbee anaziona ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700: anaika dontho la mafuta a malalanje pakati pa magalasi awiri ogundana mbali imodzi, dontholo n'kumasendera kumene magalasiwo akumana. Mbalame ya m'madzi yotchedwa phalarope imadya choncho. Imatapa dontho lokhala ndi tizilombo kunsonga kwa mlomo wake wautali, kenako imatsegula ndi kutseka mlomowo mofulumira, ndipo dontho limakwera pang'onopang'ono mpaka kukamwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala pofotokoza nkhaniyi: kuyenda kwa dontho kumadaliranso mmene madziwo akunyowetsera chinthucho. Pamalo opakidwa mafuta kapena phula, madzi amadzikundika n'kukhala kampira, ndipo kukokako kumasokonekera. N'chifukwa chake akatswiri amene anafufuza mlomo wa phalarope mu 2008 anachenjeza kuti mafuta otayikira m'nyanja angalepheretse mbalameyi kudya, ngakhale chakudya chili pomwepo pansonga pa mlomo wake.