Chenjezo la banki yaikulu si lamulo loletsa kugula Bitcoin

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akubwereza kuti boma likangonena kuti Bitcoin, imodzi mwa ndalama za pa intaneti, si ndalama yovomerezeka, ndiye kuti aliyense woigula wapalamula mlandu. Maganizo amenewa amasakaniza zinthu zimene malamulo amazisiyanitsa.

Banki yaikulu ya dziko ikalengeza kuti ndalama za pa intaneti si ndalama zovomerezeka, imatanthauza kuti wamalonda sakakamizidwa kuzilandira ngati malipiro, ndiponso kuti munthu akaberedwa kapena mtengo wa ndalamazo ukagwa, palibe chitetezo cha boma chimene angadalire. Limeneli ndi chenjezo, ndipo ndi loyenera kulimvera. Kuletsa mabanki ndi nkhani ina: mu 2021 dziko la Nigeria linaletsa mabanki kutumikira makampani ogulitsa ndalamazi, koma anthu wamba ankagulitsanabe okhaokha, mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu Disembala 2023. Dziko la China ndilo linafika patali, pamene mu 2021 linalengeza kuti malonda a ndalamazi ndi osaloledwa.

Chimene ambiri amaiwala ndi malamulo oyendetsera ndalama zakunja, chifukwa kugula Bitcoin ndi madola kungakhudze malamulo amenewo ngakhale m'dziko limene silinailetse.

Mukalandira uthenga pafoni wonena kuti boma laletsa Bitcoin, fufuzani chikalata chenichenicho pa tsamba la banki yaikulu kapena mu gazeti ya boma, onani deti lake, ndipo muwerenge mofatsa kuti mudziwe ngati chikungochenjeza, chikulamula mabanki, kapena chikutchula chilango kwa munthu wamba. Ngati chikalatacho simunachipeze, chonde musatumize uthengawo kwa ena.