Mkangano wa anangumi ku Japan unachokera kutali

Mudzi wa Taiji, m'chigawo cha Wakayama kum'mwera kwa Japan, ndi wamiyala, malo olima mpunga ndi ochepa. Anthu ake ankadalira nyanja, ndipo cha m'ma 1675 banja la Wada linayambitsa njira yogwira nangumi ndi ukonde. Boma la Japan likamanena lero, poyankha mayiko amene amatsutsa kupha anangumi, kuti ntchitoyi ndi chikhalidwe cha makolo, limaloza kumidzi ngati imeneyi. Mwambowo unalipodi, koma akatswiri a mbiri ya nyanja amene awerenga mabuku akale a magulu a asodzi amaonetsa kuti unali wa madera ochepa, monga Taiji, Tosa ndi kumpoto chakumadzulo kwa Kyushu, ndipo unali utayamba kale kufa sitima zamakono zisanafike.

Ntchitoyo inkafuna anthu mazana. Alonda ankakhala pamwamba pa phiri, akaona nangumi akupumira m'mwamba ankapereka chizindikiro ndi utsi kapena mbendera. Mabwato othamanga ankamuzungulira, opalasa akumenya matabwa a bwato kuti phokoso limuthamangitsire kumene mabwato ena atchera maukonde mosanjikiza. Ukonde sunkamupha. Unkangomukulunga kuti atope, alephere kumira, kenaka amponye mikondo yambirimbiri. Akafooka, katswiri wotchedwa hazashi ankadumphira m'madzi, kukwera pamutu pa nyamayo, kuboola pafupi ndi mphuno ndi kulowetsamo chingwe. Apa mpomwe panali pofera anthu, komanso mpomwe panali phindu lonse, chifukwa mitundu ina ya anangumi imamira ikangofa. Ankayenera kumumangirira pakati pa mabwato awiri adakali ndi moyo, ndipo akachedwa pang'ono, ntchito ya tsiku lonse inkapita pansi pa nyanja.

Nyama sinali chinthu chokha chofunika. Mafuta ankayatsira nyali, ndiponso alimi ankawathira pamadzi a m'minda ya mpunga, kenaka n'kugwedeza mbewuzo ndi ndodo kuti tizilombo toyamwa mpunga tigwere m'mafutamo ndi kufa. Njira imeneyi inafala pambuyo pa njala ya mu 1732, imene tizilombo totere tinathandiza kuyambitsa. Mafupa ankawapera kukhala manyowa.

Cha m'ma 1820 sitima za ku America ndi Britain zinayamba kusaka anangumi m'nyanja zapafupi ndi Japan, ndipo m'zaka makumi ochepa anangumi amene ankadutsa m'mphepete mwa gombe anachepa kwambiri. Asodzi a ku Taiji anagwa m'ngongole. Pa 24 December 1878, chifukwa chosowa pogwira, anathamangira nangumi wamkazi amene anali ndi mwana, chinthu chimene makolo awo ankaletsa popeza mayi wotere amalimbana koopsa. Anamugonjetsa ali kutali ndi mtunda, mphepo ndi mafunde zinawakokera pakati pa nyanja, ndipo amuna oposa 100 sanabwerere. Usodzi waukonde wa ku Taiji sunadzukenso ngati kale.

Zimene zinabwera pambuyo pake zinali zachilendo. Mu 1899 Oka Juro anakhazikitsa kampani yogwiritsa ntchito sitima zoyendera nthunzi ndi mzinga woponya mkondo, luso la ku Norway, ndipo poyamba oombera mzingawo anali a ku Norway komweko. Makampani anamanga malo osendera anangumi m'madera amene anthu sankapha nyamazi. Ku Same, pafupi ndi Hachinohe kumpoto, asodzi ankadalira iwashi, tinsomba tonga usipa, ndipo ambiri ankalemekeza nangumi poti ndiye ankathamangitsira tinsombato kugombe. Magazi ndi mafuta otayidwa m'madzi anawakwiyitsa, iwo n'kumati zikuononga usodzi wawo. Pa 1 November 1911 asodzi mazanamazana anatentha malo a kampani ya Toyo Hogei. Nkhani imeneyi iyenera kumveka kwambiri kuposa mmene imamvekera, chifukwa ikuonetsa kuti ena mwa oyamba kukana kupha anangumi kwa makampani anali asodzi a ku Japan eni ake.

Mu 1934 sitima za Japan zinafika ku Antarctica, makamaka pofuna mafuta ogulitsa ku Ulaya. Kudya nangumi dziko lonse kunayamba nkhondo yachiwiri itatha. Anthu anali pa njala, ndipo mu 1946 Douglas MacArthur, mkulu wa asilikali a America amene ankalamulira Japan, analola sitima kubwerera ku Antarctica. Nyamayo inali yotsika mtengo, inalowa m'chakudya cha ana kusukulu, ndipo mu 1962 anthu anadya matani oposa 200,000. Ambiri mwa okalamba amene amati anakulira nangumi akukumbukira zaka zimenezi, osati za ku Taiji.

Bungwe la mayiko loona za kupha anangumi la International Whaling Commission linagwirizana mu 1982 zoimitsa kupha anangumi kwa malonda kuyambira mu 1986. Japan inapitiriza kuyambira mu 1987 ponena kuti ndi kafukufuku wasayansi, nyamayo n'kumagulitsidwa m'misika. Australia inakasuma kukhoti loweruza milandu ya pakati pa mayiko la International Court of Justice, ndipo pa 31 March 2014 khotilo linagamula kuti ntchito ya ku Antarctica sinali yakafukufuku monga ankanenera. Japan inatuluka m'bungwelo pa 30 June 2019, tsiku lotsatira n'kuyambiranso kupha kwa malonda m'madzi ake okha, kusiya Antarctica. Nyama ya nangumi imene imadyedwa m'dzikomo pachaka tsopano ndi matani zikwi zochepa chabe.