Kuthowa sikulumikiza fupa

Malichi akamayandikira ndimadziwiratu kuti benchi ya kuchipinda chathu cha mafizo idzaza ndi anyamata otsimphina. Ku America ukuyamba mpikisano wa basketball wa makoleji, uja amati March Madness: matimu oposa 60, wogonja kamodzi azilongedza, mpaka atatsala anayi a Final Four kumayambiriro kwa Epulo. Ife tili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi New York, ndiye masewero ambiri amatipeza pakati pa usiku. Anyamata a ku Luwinga ndi ku Katoto amachezera pafoni, masana ali pabwalo kuyeserera kudumpha ngati a UConn amene anatenga chikhochi mu 2023 ndi 2024. Sindikuwaletsa ayi. Koma anzawowo amatera pamatabwa, dokotala ali chire pambali. Athuwa amatera pasimenti yonyowa ndi mvula ya Mzuzu ino, nsapato ya pakaunjika itatha kunsi.

Mawu amene anditopetsa ndi awa: "Wangobinya ameneyu, timuthowa." Mwadziwa bwanji kuti wangobinya? Kakolo wobinya ndi kakolo wothyoka onse amatupa, onse amada, onse amapweteka. Ngakhale ife sitiyang'ana ndi maso okha. Madokotala a ku Ottawa, ku Canada, anatipatsa njira yachidule mu 1992. Munthu akalephera kuponda mapazi anayi, kapena akamva ululu mukadina pafupa lenileni, kumbuyo kwa timfundo tiwiri ta kakolo tija, ameneyo akajambulidwe. Chimodzimodzi ngati ululu uli pafupa la m'mphepete mwa phazi, mbali ya kachala kakang'ono. Mukwezeni sakaramento kapena takisi, ku Mzuzu Central Hospital si kutali. Tsiku lomwelo, osati akatha mayeso.

Madzi otenthawo pamasiku awiri oyamba amangowonjezera kutupa. Chofunika ndi chozizira. Ngakhale mafirizesi a pagolosale, okulunga m'kansalu, mphindi 15 kapena 20, mwendo uli pamwamba.

Pali mnyamata mmodzi amene sandichoka m'mutu. Wa chaka chachiwiri ku koleji, wamtali ngati mlongoti, amene anzake ankamudalira pansi pa ring'i. Analumphira mpira, potera n'kuponda phazi la mnzake. Anamva kuti thyo! Anzake anamukoka mwendo pomwepo ati kuubwezera m'malo, chinthu chimene ndikupemphani musadzachite. Kunyumba anamuthowa sabata yathunthu. Zitakanika, amalume ake anapita naye kwa bambo wina wodziwika ndi "kuwongola mafupa", amene anamupotokola phazi, kumutema mphini kuzungulira kakolo yense, n'kupakamo zakuda. Analipira ndalama, napatsidwanso tsiku lobwerera.

Anatipeza patatha masabata asanu ndi limodzi. Nditamasula chitenje chimene anamanga, mphini zitatu zinali zikutuluka mafinya, khungu lili nyezinyezi. Chithunzi chinaonetsa kuti fupa laling'ono la kunja kwa mwendo linathyoka, lasuntha, ndipo layamba kale kugwirana mokhota. Mayi ake anandifunsa motsitsa mawu, "Adokotala, nanga chikhakha sichingathandize?" Ndinasowa poyambira. Chikhakha, kapena opaleshoni yaing'ono, zikanathandiza sabata yoyamba ija. Fupa silidikira kuti pabanja mugwirizane kaye; limalumikizana mmene lakhaliramo. Ndipo wa opaleshoni sangaike chitsulo pamalo pamene pali mafinya, ndiye tinayamba tataya nthawi ina kulimbana ndi zilonda zimene mpirawo sunabweretse.

Okonda mpikisanowu akukumbuka Kevin Ware wa Louisville, amene mu 2013 anathyoka mwendo posewera ndi Duke mpaka fupa kutulukira kunja, anthu akuonera pa TV. Anamuchita opaleshoni usiku womwewo, ndipo chaka chisanathe anabwerera m'bwalo. Kuvulala kwa mnyamata wathuyu kunali kochepa kwambiri poyerekeza ndi kumeneko.

Enanso ndi aja amene amati, "Wina wandimenya chidendene kumbuyo," koma potembenuka palibe munthu. Ngati akulephera kuima chonyang'ama ndi mwendo umenewo, mwina mtsempha waukulu wa kuchidendene waduka. Amatha kuyenda ndithu, n'chifukwa chake amachedwa, uku nsonga ziwirizo zikutalikirana. Asing'anga alibe ulusi wosokera zimenezo.

Mnyamata uja amabwerabe Lachiwiri lililonse. Kakolo wake sapindika mokwanira kuti anjute, ndipo potsika masitepe amayenda cham'mbali. Sabata yatha anandionetsa pafoni matimu amene akuganiza kuti afika mu Final Four. Kubwalo amapitabe, ndi amene amagwira kope lolembamo zigoli.